Khansa inachuluka, maliro sanachuluke: lipoti la nkhani ya chithokomiro ku South Korea

M'chaka cha 1999 boma la South Korea linakhazikitsa ndondomeko yoyeza khansa kwa anthu omwe sakumva kupweteka paliponse. Linayamba ndi khansa ya m'chifu, ya m'mawere ndi ya khomo la chiberekero, kenako linawonjezera ya chiwindi ndi ya m'matumbo. Chithokomiro, kachiwalo kamene kamakhala pakhosi kutsogolo kwa kholingo, sichinali pamndandandawo. Boma silinalamule kuti anthu aziyezedwa chithokomiro. Koma munthu akabwera kudzayezetsa zina zija, kwaulere kapena pamtengo wotsika, zipatala zambiri zinkamuuza kuti akawonjezera kandalama, pakati pa madola 30 ndi 50 a ku America, amuunikanso pakhosi ndi makina a ultrasound. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, yosapweteka, yosatulutsa magazi. Anthu ambiri anavomera, makamaka amayi.

Ine ndimagwira ntchito yoona odwala ndipo makina omwewa ndimawagwira m'manja pafupifupi tsiku lililonse. Ndalemba lipotili chifukwa nkhani ya ku Korea ndi yomwe imaonetsa poyera, kuposa ina iliyonse yomwe ndikuidziwa, kuti kupeza matenda ambiri ndi kupulumutsa miyoyo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso kuti madokotala a mtima wabwino akhoza kuvulaza anthu miyandamiyanda popanda ndi mmodzi yemwe wonama kapena wakuba.

Zomwe ziwerengero zinaonetsa

Pofika 2011, chiwerengero cha anthu opezeka ndi khansa ya chithokomiro ku South Korea chinali chitakwera kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi 1993. M'chaka chimodzi chokhacho anthu oposa 40,000 anauzidwa kuti ali ndi khansayi, ndipo inakhala khansa yopezeka kwambiri m'dziko lonselo, kuposa ya m'chifu yomwe anthu a kumeneko akhala akuiopa kuyambira kale. Palibe dziko lina lomwe linaonapo khansa ikukwera mwa liwiro lotere.

Nanga omwalira? Anakhalabe pakati pa 300 ndi 400 pachaka. Mzere wa opezeka ndi matenda unalunjika kumwamba, mzere wa imfa unangogona pansi osasuntha.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho ndifotokoze pang'onopang'ono. Khansa ikachuluka zenizeni m'dziko, monga inachitira khansa ya m'mapapo anthu atayamba kusuta fodya kwambiri, maliro nawonso amachuluka. Kuyeza kukakhala kothandiza, ndiye kuti kukugwira msanga khansa yomwe ikanapha munthu, ndipo pakapita zaka maliro amatsika. Ku Korea sikunachitike chilichonse mwa ziwirizi. Kuti tinene kuti khansa yoopsa inachulukadi ka 15 koma imfa n'kusasintha, tiyenera kukhulupirira kuti luso la madokotala linkakwera chaka ndi chaka mofanana ndendende ndi kukwera kwa matenda, osapitirira, osaperewera, kwa zaka pafupifupi 20. Palibe mankhwala omwe amayenda motero. Chomwe chatsala ndi chimodzi: zambiri mwa zomwe ankapezazo sizikanapha eni ake.

Izi ndi zomwe Hyeong Sik Ahn wa ku Korea University, pamodzi ndi Hyun Jung Kim ndi H. Gilbert Welch, anafotokoza m'magazini ya madokotala yotchedwa New England Journal of Medicine mu November 2014. Anaonetsanso kuti m'zigawo 16 za dzikolo, chigawo chomwe anthu ake ankaunikidwa pakhosi kwambiri ndi chomwenso chinali ndi khansa yambiri. Ndipo pafupifupi kukwera konseko kunali kwa mtundu umodzi, wotchedwa papillary, womwe umakula pang'onopang'ono kwambiri. Mitundu yoopsa, yomwe imapha m'miyezi yochepa, siinatsate mzere womwewo. Pa chipatala china chachikulu, zotupa zochepera sentimita imodzi zinali 14 pa ma opaleshoni 100 alionse mu 1995. Patatha zaka 10 zinali 56.

Mu 2016 akatswiri a bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yoona za kafukufuku wa khansa, anawerengera kuti mwa amayi a ku South Korea omwe anapezeka ndi khansa ya chithokomiro pakati pa 2003 ndi 2007, pafupifupi 90 pa 100 alionse anali ndi khansa yomwe sikanawavutitsa moyo wawo wonse ikanakhala kuti siinafunidwe.

Kodi khansayo inachokera kuti?

Inalipo kale. Mu 1985 madokotala opima mitembo ku Finland anatenga zithokomiro za anthu 101 omwe anamwalira ndi zinthu zina, n'kuzidula tizidutswa topyapyala, n'kuziona pa maikulosikopu. Pafupifupi 36 pa 100 alionse anali ndi kakhansa ka papillary komwe sanakadziwe mpaka kumanda. Ofufuzawo anafika ponena kuti kwa anthu a ku Finland chimenechi chikhoza kutengedwa ngati chinthu chachibadwa. Munthu mmodzi mwa atatu alionse, koma omwalira ndi khansa ya chithokomiro ndi ochepa zedi.

Makina a ultrasound amakono amaona kachotupa ka mamilimita awiri kapena atatu, komwe chala cha dokotala sichingakamve. Ukaika kachipangizo pakhosi pa munthu wamkulu wathanzi, n'kuyendetsa pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita ina, si chachilendo kuona kadontho kakuda pakati pa mnofu wotuwa wa chithokomiro. Ukaunika anthu ambiri, madontho otere uwaona tsiku ndi tsiku. Ukabaya kasingano n'kutenga timaselo, ena mwa iwo wopima adzalemba kuti ndi khansa, ndipo sadzakhala atalakwa. Maselowo amaonekadi choncho. Chomwe maikulosikopu sangakuuze n'chakuti kachotupako kadzakula kapena kadzangokhala phee kwa zaka 40.

Zili ngati msodzi wa kunyanja yemwe wasiya ukonde n'kuyamba kukokera neti ya udzudzu. Ndowa imadzaza msanga, koma yadzaza ndi tiana ta nsomba, ndipo chambo chachikulu sichinawonjezeke ndi chimodzi chomwe.

Zomwe anthuwo anachitidwa

Chiwerengero chikanakhala cha papepala chabe, bwenzi nkhaniyi ili ya akatswiri okhaokha. Koma pafupifupi aliyense wopezeka ndi khansayi anapita ku fiyeta. Awiri mwa atatu alionse anachotsedwa chithokomiro chonse, otsalawo anachotsedwa mbali yaikulu. Ngakhale malangizo a madokotala eni ake ankati tizotupa tochepera theka la sentimita tisiyidwe, munthu mmodzi mwa anayi alionse ochitidwa opaleshoni anali ndi kachotupa kochepa chotero.

Chithokomiro chimapanga mahomoni omwe amayendetsa liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, ngakhale kuganiza. Munthu akachotsedwa chonse ayenera kumwa piritsi la levothyroxine m'mawa uliwonse, asanadye kanthu, mpaka tsiku lomwalira, ndi kumayezetsa magazi kuti muyezo wake uzikonzedwa. Likachepa amafooka, amanenepa, amamva kuzizira pomwe anzake akutuluka thukuta. Likachuluka mtima umathamanga ndipo mafupa amafewa.

Kuseli kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi tating'ono totchedwa parathyroid, tomwe timayang'anira kashiamu m'magazi. N'tosavuta kuvulaza pa opaleshoni chifukwa timafanana ndi mafuta ozungulira. Tikavulala, wodwala amayamba kumva dzanzi milomo ndi nsonga za zala, kenako dzanja limakokana lokha, zala zitaunjikana pamodzi, osatha kuzitambasula. Ndinaonapo zimenezi kwa wodwala yemwe opaleshoni yake inali yofunikadi, ndipo mantha omwe anali m'maso mwake sindingawafunire munthu yemwe sanali kudwala n'komwe. Pafupi pomwepo pamadutsanso mtsempha woyendetsa mawu. Ukadulidwa kapena kukokedwa, mawu amasasa, ena amatsamwa akamamwa madzi. Kwa mphunzitsi, mlaliki kapena woimba kwaya, ntchito yathera pomwepo. Atafufuza zikalata za inshuwalansi za odwala oposa 15,000 ochitidwa opaleshoniyi ku Korea, anapeza kuti 11 pa 100 alionse anali ndi vuto la parathyroid ndipo awiri pa 100 alionse anali ndi vuto la mtsempha wa mawu. Tengani magawo amenewa muwaike pa anthu 40,000 pachaka.

Palinso katundu wina yemwe salembedwa m'zikalata. Munthu wa zaka 38 akauzidwa kuti ali ndi khansa, mawu amenewo samutuluka. Banja lonse limasowa tulo. Kachifuwa kalikonse amaganiza kuti yabwerera.

Chifukwa chake palibe yemwe anadandaula

Chovuta kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti ovulazidwawo ndi omwe amayamika koposa. Mayi yemwe wachotsedwa chithokomiro chifukwa cha kachotupa komwe sikakanamuvuta sadziwa kuti sikakanamuvuta. Iye akudziwa kuti anali ndi khansa, adokotala anaigwira msanga, ndipo lero ali moyo. Amauza mng'ono wake ndi anzake a kuntchito kuti nawonso apite. Dokotala naye amaona odwala ake onse akuchira, ndipo amalimba mtima kuti akuchita bwino.

Ziwerengero za kupulumuka nazo zimanamiza. Kaundula wa khansa wa ku Korea ankaonetsa kuti odwala khansa ya chithokomiro amakhala ndi moyo zaka zisanu mofanana ndi anthu omwe alibe khansa, nthawi zina kuposa pang'ono. Wina akhoza kuomba m'manja poona zimenezi. Koma ukathira anthu masauzande athanzi m'gulu la odwala, chiwerengero cha opulumuka chiyenera kukwera ngakhale usanapulumutse munthu ndi mmodzi yemwe. N'chifukwa chake pa nkhani ya kuyeza anthu osadwala, funso loyenera si lakuti "mwa opezeka ndi matenda apulumuka ndi angati?" koma lakuti "mwa anthu onse a m'dziko, omwalira achepa kodi?"

Mfundo imeneyi si yatsopano. Mu 1968 Wilson ndi Jungner analembera World Health Organization mfundo zoyenera kukwaniritsidwa dziko lisanayambe kuyeza anthu osadwala, ndipo imodzi mwa izo ndi yakuti mbiri ya matendawo, kuyambira pomwe abisala mpaka pomwe aonekera, ikhale yodziwika bwino. Pa tizotupa ta chithokomiro mfundoyi inalumphidwa. Panalibenso kafukufuku woyerekeza gulu loyezedwa ndi gulu losayezedwa, anthu ake osankhidwa mwamaere, woonetsa kuti kuunika pakhosi kumachepetsa imfa. Uwu ndiwo umboni womwe madokotala a ku McMaster University ku Canada, monga David Sackett ndi Gordon Guyatt, ankalimbikira kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti uzitsogolera, osati chizolowezi kapena ukulu wa wolankhula.

Ndalama

Zipatala zambiri za ku South Korea si za boma, ndipo zimalipidwa malinga ndi ntchito iliyonse yomwe zagwira. Inshuwalansi ya boma imaika mitengo yotsika pa ntchito zambiri, choncho zipatala zimafuna phindu pa ntchito zomwe wodwala amalipira yekha. Kuunika chithokomiro kunali kotero. Makina ukagula kamodzi, sikani iliyonse ndi phindu. Ndipo sikaniyo ndi khomo chabe. Pambuyo pake pamabwera kubaya singano, kupima maselo, opaleshoni, masiku ogona m'chipatala, kwa ena mankhwala a ayodini wa radiyeshoni, ndi kubwera kudzaonedwa chaka ndi chaka moyo wonse. Cha m'ma 2007 madokotala a ku Seoul anayambitsanso njira yochotsa chithokomiro ndi makina a roboti podzera kukhwapa kuti pakhosi pasakhale chipsera, njira yokwera mtengo yomwe wodwala ankalipira m'thumba mwake.

Sindikunena kuti madokotalawo ankakhala pansi n'kupangana zodyera anthu. Ndikukhulupirira kuti ambiri ankakhulupiriradi kuti akupulumutsa miyoyo. Ngozi yake ili pomwepo. Chinthu chikakhala kuti chikukulipira, chikukupatsa ulemu, ndiponso odwala akukuthokoza, mtima sufuna kufunsa ngati chili choona. Umboni wokutsutsa umauyang'ana ndi diso lakuthwa, wokuvomereza umaulandira usanauwerenge n'komwe. Izi zimachitikira aliyense, ndipo n'chifukwa chake munthu saweruza mlandu wake womwe. Malangizo okhudza kuyeza anthu osadwala sayenera kulembedwa ndi okhawo omwe malipiro awo amadalira kuchuluka kwa opezeka ndi matenda.

Zomwe zinachitika mu 2014

Mu March 2014 madokotala asanu ndi atatu a ku Korea anapanga gulu loletsa kupeza khansa ya chithokomiro mopyola muyezo, ndipo analemba kalata yapoyera yopempha kuti kuunika anthu osadwala kuleke. Manyuzipepala ndi wailesi za kanema zinainyamula nkhaniyo. Bungwe la Korean Thyroid Association, lomwe mamembala ake ndi madokotala a mahomoni ndi ochita opaleshoni ya chithokomiro, linatsutsa mwamphamvu, likunena kuti kuyezedwa ndi kulandira chithandizo ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu.

Anthu anamva. M'miyezi 12 kalatayo isanatuluke panachitika ma opaleshoni a khansa ya chithokomiro oposa 43,000. M'miyezi 12 yotsatira anali pafupifupi 28,000, kutsika ndi 35 pa 100 alionse. Panalibe lamulo latsopano. Anthu anangoyamba kukana sikani ya pakhosi. Mu 2015 malangizo a dzikolo ananena kuti palibe umboni wokwanira woti anthu osadwala aziunikidwa chithokomiro, ndipo mu 2017 komiti ya US Preventive Services Task Force ku America inalangiza motsutsa kuyeza kotere. Komabe chizolowezi sichifa msanga pomwe makina ndi malipiro zili pomwepo: pofika 2019 khansa ya chithokomiro inali itabwereranso pa nambala yoyamba ku South Korea.

Njira ina inalipo nthawi yonseyi, kutsidya kwa nyanja chabe. Pa chipatala cha Kuma mumzinda wa Kobe ku Japan, dokotala Akira Miyauchi anayamba mu 1993 kupatsa odwala a kakhansa ka papillary kosapitirira sentimita imodzi, komwe sikanafalikire, mwayi wongokayang'anira osakachotsa. Mu lipoti la 2014 la odwala 1,235, patatha zaka 10 kachotupa kanali katakula ndi mamilimita atatu kapena kuposa mwa anthu 8 pa 100 alionse, ndipo kanafika ku anabere a pakhosi mwa anthu ochepera 4 pa 100. Omwe anachitidwa opaleshoni pambuyo pake inawayendera bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anamwalira ndi khansa ya chithokomiro. Chondikhudza n'chakuti awa anali madokotala a opaleshoni, pa chipatala chomwe ntchito yake ndi chithokomiro, akusonkhanitsa umboni wochepetsa ntchito yawo yomwe.

Zomwe ndatengapo pa ntchito yanga

Kuno kwathu vuto lalikulu la chithokomiro ndi lina. Anthu amabwera khosi litatupa kale kwa zaka, ena akulephera kumeza kapena kupuma bwino akagona chagada. Amenewo ndi odwala, ayenera kuunikidwa, ndipo ambiri amachedwa kupeza thandizo. Zonse ndalembazi siziwakhudza. Munthu yemwe ali ndi chotupa chogwirika, mawu osasa osachira, kapena mwanabere wolimba pakhosi, asachedwe kunyumba chifukwa cha nkhani ya ku Korea.

Koma makina a ultrasound atsika mtengo, ena ndi onyamula m'manja, ndipo zipatala zolipira za m'tauni zayamba kugulitsa mapulogalamu oyeza thupi lonse. Mayi wina wa zaka za m'ma 40 anabwera kwa ine ndi pepala lochokera ku chipatala china chotere. Anapitako kukayezetsa shuga ndi BP, anamuwonjezera sikani ya pakhosi, ndipo papepalapo panalembedwa kachotupa ka mamilimita 6. Analigwira ndi manja awiri, litanyowa m'mphepete ndi thukuta.

"Adokotala, ndiye kuti basi? Ana anga akadali kusukulu."

Ndinamugwira pakhosi, sindinamve kanthu. Ndinamuunikanso ndekha, kachotupako kanali kosalala m'mbali, anabere ali bwinobwino. Ndinamutembenuzira sikirini kuti aone yekha.

"Amayi, kameneka n'kochepa kuposa njere ya nyemba. Anthu ambiri a msinkhu wanu ali nako ndipo amakalamba nako osadziwa. Sindikuona chifukwa chokubayani singano, ndipo za opaleshoni musaganize n'komwe. Mukamva chotupa pakhosi, mawu akasintha, kapena kumeza kukavuta, bwerani tsiku lomwelo."

"Koma si bwino kungochotseratu, adokotala, kuti mtima ukhale pansi?"

Funso limeneli ndi lomwe linadzaza mafiyeta a ku Seoul, ndipo si lopusa. Ndinamufotokozera za piritsi la tsiku ndi tsiku, ndi zomwe zimachitika mwezi womwe mankhwalawo asowa ku famase. Ndinamuuza za dzanzi ndi za mawu. Malangizo a 2015 a American Thyroid Association, bungwe la madokotala a chithokomiro ku America, nawonso salimbikitsa kubaya singano tizotupa tochepera sentimita imodzi. M'dziko lomwe madokotala opima maselo ndi owerengeka, sampulo iliyonse ya kachotupa kosavuta imakhala pamzere patsogolo pa sampulo ya munthu yemwe khansa ikumudya.

Kenako ndinamufunsa ngati anayezetsapo khomo la chiberekero. Anati ayi, ndipo m'pulogalamu yomwe analipirayo munalibemo. Izi zinandipweteka kuposa pepala lija. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse. Mbiri ya matendawa ndi yodziwika bwino: kachilombo ka HPV, zaka zambiri za zizindikiro zoyambirira zomwe zimaoneka ndi viniga wamba ndi nyali, ndi chithandizo chomwe chikhoza kuperekedwa tsiku lomwelo. Kumene amayi amayezedwa mwadongosolo, imfa zinatsika. Boma linayamba ndondomeko yoyeza ndi viniga mu 2004, ndipo katemera wa HPV wa atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Kuyezaku n'kwaulere m'zipatala za boma, palibe yemwe amapindula nako ndalama zambiri, ndipo palibe yemwe amakuthamangitsira makasitomala.

Ndinamulembera kalata yopita ku chipinda choyezera khomo la chiberekero tsiku lomwelo. Pa pepala la chithokomiro ndinalemba kukula kwa kachotupa, maonekedwe ake, kuti sikakufunika singano, ndi zizindikiro zitatu zomwe ziyenera kumubweretsa msanga.